Makasitomala Opanda Maso: Mmene Ma Bot Anayambira Kubera Otsatsa Malonda

Mu 1998 kampani ina ya ku California yotchedwa GoTo.com, yomwe anaiyambitsa Bill Gross, inabweretsa kalipiridwe kachilendo. M'nyuzipepala ndi pa wailesi, wamalonda ankagula malo kapena mphindi zingapo n'kumangodikira kuti mwina wina aona kapena amva. GoTo inauza amalonda kuti azilipira pokhapokha munthu akadina pa malonda awo. Google inatengera njirayi mu 2002, ndipo mu 2003 inatsegula AdSense, yomwe inalola aliyense wokhala ndi tsamba pa intaneti kuikapo malonda a anthu ena n'kumadyako kangachepe munthu akadina.

Amalonda anaomba m'manja poganiza kuti tsopano azilipirira kasitomala weniweni. Koma makina owerengera sankaona chala chodinacho. Eni masamba ena anayamba kudina okha, ena kulemba aganyu odina tsiku lonse, ndipo ena ankadina malonda a mnzawo wopikisana naye kuti ndalama zake zithe dzuwa lisanafike paliwombo. Dzanja la munthu limatopa, choncho ntchitoyi posakhalitsa inapatsidwa kwa timapulogalamu todziyendetsa tokha, totchedwa ma bot.

Mu 2004 Michael Anthony Bradley wa ku California analemba pulogalamu yotere, n'kuitcha Google Clique. Anapita nayo ku Google komweko kukaitanitsa madola 100,000, akuopseza kuti akapanda kupatsidwa aigawa kwa akathyali. Anamangidwa m'mwezi wa Marichi, ngakhale kuti mlandu wake unathetsedwa mu 2006. Chaka chomwecho Google inavomera kuthetsa mlandu wina wokhudza kudina kwachinyengo pa mtengo wa madola 90 miliyoni. Amene anatsogolera odandaula sanali kampani yaikulu ayi, koma sitolo yogulitsa mphatso ya Lane's Gifts and Collectibles ya ku Texarkana, m'chigawo cha Arkansas. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo linapita kwa maloya, ndipo amalonda oberedwawo sanalandire ndalama m'manja. Anangopatsidwa mwayi wotsatsanso malonda pa Google pomwepo.

Apa n'kuti umbavawu utasanduka ntchito ya magulu. Mumzinda wa Tartu ku Estonia munali kampani ya Rove Digital, ya ofesi ndi antchito ngati kampani ina iliyonse, yotsogozedwa ndi Vladimir Tsastsin. Kuyambira 2007 gululi linafalitsa vairasi ya DNSChanger, yomwe inalowa m'makompyuta pafupifupi 4 miliyoni m'mayiko oposa 100, ena mwa iwo a bungwe la NASA. Vairasiyi inkasokoneza njira imene kompyuta imapezera masamba. Munthu wofuna tsamba la bungwe lotolera misonkho la IRS ankapezeka ali pa tsamba la H&R Block, kampani yothandiza anthu kulemba za misonkho, ndipo a ku Tartu ankalandira malipiro ngati abweretsa kasitomala. Anakolola madola osachepera 14 miliyoni. A FBI atawagwira mu Novembala 2011 anapeza kuti sangangothimitsa makina a mbavazo, chifukwa makompyuta onse ogwidwawo akanaduka pa intaneti. Khoti linalamula kuti paikidwe makina ena abwinobwino, omwe anagwira ntchito mpaka pa 9 Julayi 2012.

Katswiri weniweni wa ntchitoyi anali Aleksandr Zhukov wa ku Russia, mwini kampani ya Media Methane, yemwe ankadzitcha mfumu ya chinyengo. Iye sanavutike n'kulowerera makompyuta a anthu. Pakati pa 2014 ndi 2016 anachita lendi ma seva oposa 1,900 m'nyumba zosungiramo makompyuta, ku Dallas ndi kwina, n'kubwerekanso manambala a IP, ozindikirira kompyuta pa intaneti, oposa 650,000. Manambalawo anawalembetsa monama m'mayina a makampani opereka intaneti m'makomo a anthu ku America, kuti aliyense wofufuza aziona ngati ndi mabanja ali pabalaza. Kenako anapanga masamba abodza oposa 5,000 ovala mayina a masamba otchuka, kuphatikizapo nyuzipepala zikuluzikulu.

Chochititsa nthumanzi ndi mmene ma bot akewo anaphunzitsidwira kukhala ngati anthu. Ankayendetsa kamuvi ka pa sikirini uku ndi uku, kutsitsa tsamba pang'onopang'ono ngati wina akuwerenga, kuyatsa vidiyo n'kuiimitsa pakati, ngakhalenso kuoneka ngati alowa pa Facebook. Zonsezi zinkachitika pa tsamba limene panalibe diso la munthu ndi limodzi lomwe. Malo otsatsira malonda pa intaneti amagulitsidwa pa okushoni ya makina yomwe imatha munthu asanaphethire, ndiye kampani yofuna kuonetsa vidiyo yake kwa owerenga nyuzipepala yodalirika inkapikisana mtengo, kupambana, n'kulipira Zhukov. Zinali ngati kugula chimanga pa ndowa yoti wogulitsa anaiphwanyira m'kati kunsi kwake, wogula ali kutali, akungouzidwa pa foni kuti ndowa zakwana.

Kampani yoona za chitetezo ya White Ops inaulula chiwembuchi mu Disembala 2016, n'kuchitcha Methbot. Inayerekeza kuti mbavazo zinkapeza madola 3 mpaka 5 miliyoni pa tsiku, koma boma la America kukhoti linatchula madola opitirira 7 miliyoni pa nthawi yonseyo. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kukuonetsa mmene zilili zovuta kuwerengera katundu wobedwa pamsika umene ngakhale wogula sadziwa kuti waberedwa.

Mu 2017 bungwe la IAB Tech Lab linayambitsa ads.txt, kakalata kamene mwini tsamba amalembapo mayina a okhawo ololedwa kugulitsa malo pa tsamba lake. Kanathandiza ndithu, koma gulu lina, lomwe ofufuza analitcha 3ve, linali litabwerera kale ku njira yakale. Linalowetsa vairasi ya Kovter m'makompyuta a anthu wamba oposa 1.7 miliyoni, moti mwini kompyuta akulemba kalata yake, kuseri makina ake ankatsegula masamba mobisa n'kumaonera malonda. Amalonda anataya madola oposa 29 miliyoni. Mu 2018 FBI, Google, White Ops ndi makampani ena anagwirizana n'kuligwetsa. Mwa a gululi, Sergey Ovsyannikov anagwidwa ku Malaysia ndi Yevgeniy Timchenko ku Estonia, ndipo Zhukov wa Methbot uja anam'tola ku Bulgaria.

Kukhoti ku Brooklyn, Zhukov anadziteteza kuti sanapusitse munthu, ankangogulitsa alendo a pa masamba otchipa kwa makampani amene ankadziwa chimene akugula. Mawuwo sanam'pulumutse, ndipo sankayenera kum'pulumutsa, koma akuloza pachilonda. Pakati pa wotsatsa malonda ndi mwini tsamba pali mavenda ambirimbiri, ndipo aliyense amadulapo gawo lake malonda akaonetsedwa, kaya waona ndi munthu kaya ndi bot. Olira ndi awiri: wabizinesi amene walipirira makasitomala oti kulibe, ndi nyuzipepala yeniyeni imene ndalama zolipirira atolankhani ake zapita kwa wovala dzina lake. Mu Meyi 2021 khoti linam'peza Zhukov wolakwa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho linam'lamula kukaseweza zaka 10 kundende ndi kupereka madola oposa 3.8 miliyoni ku boma.