Chimalayalam ndi Chibalochi: Zinenero Ziwiri za Kutsidya kwa Nyanja

Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Kitwe, a ku Ndola ndi kwina konse, tiyambe ndi funso. Kodi anthu onse amene timawatcha Amwenye amalankhula chinenero chimodzi? Ambiri a inu muyankha kuti inde, pakuti khutu la mlendo limamva zonse ngati mkokomo wa mtsinje umodzi. Koma yankholo ndi lolakwa. Pa msika wa Chisokone mumamva Chibemba, Chilamba ndi Chinyanja, ndipo zitatuzi, ngakhale zisiyane, ndi za mimba imodzi. Zinenero zimene tikambe lero, Chimalayalam ndi Chibalochi, zilibe ubale ngakhale wa chisuweni. Komabe eni ake onse awiri anaoloka nyanja ya mchere ya India nalowa m'mbiri ya dera lathu, wina ndi mfuti, wina ndi choko.

Tiyambe ndi wa mfuti. Abalochi kwawo ndi ku Balochistan, dziko la mapiri ouma ndi zipululu, limene linagawika pakati pa Pakistan, Iran ndi Afghanistan. Doko lawo la Gwadar linali m'manja mwa mafumu a ku Oman mpaka mu 1958, ndipo mafumuwo ankalemba anyamata a Chibalochi ntchito ya usilikali. Pamene Seyyid Said anasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha mu 1840, asilikali amenewa ndiwo ankalonda malinga ndi madoko a m'mphepete mwa nyanja. Mu 1857 Richard Burton ndi John Speke atanyamuka ulendo wofunafuna nyanja za m'kati mwa Africa, alonda a Chibalochi anawaperekeza, ndipo mu 1858 anafika ku nyanja ya Tanganyika. Inu a ku Ndola mumaudziwa mtengo wa mupapa uja wotchedwa Mtengo wa Akapolo, pamene Aswahili ankachitira malonda a anthu. Njira za malonda oipawo zinkathera ku gombe kumene Abalochi ankalonda. Imeneyi si mbiri yokoma, koma tiyenera kuidziwa.

Wa choko anabwera mochedwa. Zambia italandira ufulu mu 1964, nzika zake zomaliza maphunziro a yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha, pamene sukulu za sekondale zinali kumangidwa mofulumira. Boma linaitana aphunzitsi kuchokera kunja, ndipo ambiri mwa amene anadzaphunzitsa masamu ndi sayansi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anachokera ku Kerala, kumwera kwa India. M'kalasi ankalankhula Chingerezi, koma kunyumba ankalankhula Chimalayalam, chimene Amwenye anzawo a m'masitolo, olankhula Chigujarati, sankachimva konse. Funsani agogo anu amene anaphunzira sekondale ku Migodi nthawi imeneyo, ena awakumbukira.

Tsopano tiziike zinenerozi pa mphasa imodzi. Chibalochi ndi cha banja la Chiperezi ndi Chikurdi, ndipo patalipo chimakhudzana ndi Chingerezi. Mverani: mbale wamwamuna amati brat, mayi amati mat. Amene mwayamba Chingerezi mwamva kale kufananako. Powerenga amati yak, do, say. Chimalayalam ndi cha banja lina, la Chidravidiya, pamodzi ndi Chitamil, Chikannada ndi Chitelugu. Powerenga amati onnu, randu, moonnu. Madzi Mbalochi amati ap, munthu wa ku Kerala amati vellam. Palibe pogwirana.

Mneni nayenso amayenda mosiyana. Ife timati ndipita, apita, kusintha kumutu kwa liwu. Mbalochi amasintha kumchira: rawan, rawt. Wa ku Kerala sasintha kanthu. Pokunnu ndi pokunnu basi, kaya wopitayo ndine, ndinu kapena ndi iwo. Pamene amagwirizana ndi pa malo a mneni, pakuti onse awiri amauika kumapeto. Ife tikamati "mwana wamwa madzi," iwo amasanja ngati "mwana madzi wamwa."

Kusiyana kumene ine ndikuona kuti ndi kwakukulu kuli pa kulemba. Chimalayalam chili ndi zilembo zakezake zozungulira ngati nkhata, zimene kale zinkalembedwa pa masamba a mgwalangwa ndi kachitsulo kosongoka. Mlakatuli Thunchaththu Ezhuthachan, wa zaka za m'ma 1500, amalemekezedwa ngati tate wa chinenerochi, ndipo mu 1872 mmishonale wa ku Germany, Hermann Gundert, anasindikiza buku lake lotanthauzira mawu. Mu 1956 boma la India linadula malire a Kerala motsata chinenero, kotero kuti Chimalayalam chinakhala cha m'sukulu, cha m'maofesi ndi cha m'nyuzipepala. Kalembera wa mu 2011 anapeza olankhula oposa 34 miliyoni. Chibalochi sichinaone mwayi wotere. Chuma chake chinali pakamwa, m'ndakatulo zazitali zotamanda ngwazi monga Mir Chakar Rind, zimene oimba ankaloweza n'kusiyira ana awo, monga momwe ife tinkasungira nthano ndi miyambi. Mngelezi Longworth Dames anasonkhanitsa zambiri nazisindikiza mu 1907. Olemba ake amabwereka zilembo za Chiarabu, ndipo ana ambiri a Chibalochi amaphunzira sukulu m'Chiurdu kapena m'Chiperezi. Musaganize kuti chinenero cha pakamwa ndi chopepuka. Koma chikapanda kulowa m'kalasi, mwana amakula nacho ngati chovala cha kumunda.

Pali chodabwitsa china. M'mapiri a Balochistan momwemo mumakhala Abrahui, anansi a Abalochi, amene powerenga amati asit, irat, musit. Yerekezani irat ndi randu, musit ndi moonnu. Chibrahui ndi cha banja la Chidravidiya; ndi mbale wa Chimalayalam wosochera kutali kumpoto. Akatswiri ena amati ndi otsala a anthu akalekale a m'deralo, ena amati anasamukirako pambuyo pake, ndipo mkanganowo sunathe.

Nanga ife tinatolapo chiyani? Vasco da Gama atafika ku Calicut, mu Kerala, mu 1498, Apwitikizi anapeza chipatso chimene eni dziko ankachitcha manga. Anatenga chipatso pamodzi ndi dzina lake, ndipo dzinalo linayenda m'zinenero zambiri mpaka linafika pakamwa pathu. Choncho inu amene mumagenda mango ku Chamboli ndi ku Chifubu mvula ikayamba, mumatchula liwu lochokera ku Kerala osadziwa. Aphunzitsi, lembani pa bolodi dzina lakuti MALAYALAM, ndipo muuze ana aliwerenge kuyambira kumanja kupita kumanzere.