Electrolyser si jenereta

Wowerenga wina wandifunsa ngati electrolyser ndi mtundu wina wa jenereta. Ayi ndithu. Jenereta amatulutsa magetsi, pomwe electrolyser amawadya, ndipo ndi wadyera kwabasi.

Mawu akuti electrolyser gwero lake ndi Chigiriki. Elektron ndi utomoni wouma wa mitengo umene umakoka tizinyalala ukaukhutiza pansalu, ndipo lysis ndi kumasula. Choncho awa ndi makina omasula madzi pogwiritsa ntchito magetsi, kuti mpweya wa haidrojeni upite kwake, wa okosijeni kwakenso. Michael Faraday ndiye anafalitsa mawu akuti electrolysis mu 1834.

Nanga wadyerayu amathandiza bwanji? Mawaya a magetsi sasunga kanthu. Magetsi opangidwa ayenera kufanana ndi ogwiritsidwa ntchito nthawi iliyonse. Taganizani usiku wa chimphepo ku Germany: anthu ali mtulo, maofesi atseka, koma makina oyendera mphepo akuzungulira osapuma. Magetsi achuluka. Apa mpamene amayatsa electrolyser kuti ameze otsalawo, ndipo anthu akadzuka n'kuyamba kuphika, amamuchepetsa mphamvu m'masekondi ochepa chabe. Ku Mainz, malo oterewa anatsegulidwa mu 2015 ali ndi makina a Siemens a mamegawati 6.

Haidrojeniyo amasungidwa m'matanki ngati chimanga m'nkhokwe. Kungoti nkhokwe imeneyi ili ndi anankafumbwe ake: mukamusandutsanso magetsi, oposa theka amakhala atatayika panjira. Madzi nawonso amafunika oyera bwino, pafupifupi malita 9 pa kilogalamu imodzi ya haidrojeni.