Helms, Jesse (1921–2008)

Jesse Helms anali phungu wa nyumba ya Senate ku America, woimira North Carolina kuyambira 1973 mpaka 2003 pansi pa chipani cha Republican. Anapambana zisankho zisanu, mu 1972, 1978, 1984, 1990 ndi 1996, koma sanafikepo pa mavoti 55 mwa 100 aliwonse. Mu 1984 anagonjetsa bwanamkubwa Jim Hunt pa mpikisano wa wafawafa. Pa zisankho ziwiri zomaliza analimbana ndi Harvey Gantt, meya woyamba wakuda wa mzinda wa Charlotte.

Chifukwa chokonda kukana mabilu, anthu anam'patsa dzina loti "Senator No". Mu 1983 anatsutsa tchuthi chokumbukira Martin Luther King Jr., ndipo mu 1986 anakana zilango zokhaulitsa boma la tsankho la South Africa. Ankaikira kumbuyo gulu la RENAMO lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique, moti mu 1987 anachedwetsa kwa miyezi ingapo kuvomerezedwa kwa Melissa Wells ngati kazembe wa America ku Mozambique. Lamulo la Helms-Burton la 1996, lomwe iye anathandiza kukhazikitsa, linakhwimitsa zilango pa Cuba.

Chodabwitsa n'chakuti mu 2002, atakhala zaka zambiri akutsutsa ndalama zolimbana ndi Edzi, anayamba kupempha kuti ndalamazo ziperekedwe ku Africa.