Mudzi wa M'mbali mwa Shire: Chuma Chake ndi Maulendo Ake

Pokumbukira zaka zimene zapita, nkoyenera kuti tiyang'anenso mudzi umene makolo athu anakhalamo, kuti tidziwe chimene iwo anachiyesa chuma, ndi njira zimene anayendamo. Mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja yaikulu ku Mangochi, nulowa m'nyanja ya Malombe, nupitirira pa Liwonde kufikira ku Matope, kumene ayambira mathithi. Kum'mawa kwake kuli dziko la Machinga, ndi kumadzulo kuli Balaka, limene linakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Mbiri ya midzi ya m'mbali mwa mtsinje uwu itiphunzitsa kuti chuma chodza ndi njira chichokanso pamodzi ndi njirayo, koma munda wa mbumba ndiwo unasunga anthu m'mibadwo yonse.

Kalekale eni dziko lino anali Anyanja. Iwo analima mapira, mawere, nyemba ndi maungu kumtunda, ndipo pakuphwa madzi m'chilimwe anabzala m'madimba. Amuna anasema mabwato a mtengo umodzi, natchera miono m'mabango. Chuma chao chinali makasu, mbuzi ndi nkhuku, nsalu za thonje zoomba okha, ndi mchere umene akazi a ku chigwa cha Chilwa anatcheza m'dothi. Koma nthaka sinagulidwe ndi munthu. Mfumu inapatsa malo kwa mwini mbumba, iyenso nagawira alongo ake. Ndipo mnyamata pokwatira anamuka chikamwini kukalima kwao kwa mkazi. Chotero munda unatsala m'manja mwa ana aakazi, ndipo malume wao ndiye anauyang'anira.

Cha m'ma 1860 anafika Ayao kuchokera kum'mawa. Ambiri a iwo anali alimi othawa nkhondo kwao, ndipo anakwatirana ndi eni dziko. Koma mafumu ao aakulu anadziwa njira ya ku nyanja ya mchere, ulendo wa miyezi. Kawinga anakhala pa phiri la Chikala, ndi Liwonde anasunga dooko la pa mtsinje. Pamenepo chuma chinasanduka nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, ndipo mtengo wake unali minyanga ya njovu ndi anthu. Masiku amenewo munthu sanayende yekha, ngakhale kumka kumunda. Midzi ina inamanga malinga, ina inathawira kumapiri.

David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mwezi wa April 1859, ndipo mwezi wa September chaka chomwecho anafika pa nyanja yaikulu. Pambuyo pake, m'chaka cha 1875, E. D. Young ndi Dr Robert Laws anadza ndi sitima ya pamadzi yotchedwa Ilala. Popeza sitima singathe kukwera mathithi, anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo. Kumeneko anailumikizanso, nipyola pa midzi yathu, nilowa m'nyanja pa 12 October. Kuyambira pamenepo mtsinje unakhala mseu waukulu. Kampani ya Mandala, imene inayamba m'chaka cha 1878, inatumiza katundu wake kuchokera ku Blantyre kufikira pa dooko la Matope pamitu pa amtengatenga, ndipo Azungu anayenda pamachila. Popeza sitima zinasonkhera nkhuni, anthu a m'mbali mwa mtsinje anadula mitengo naiunjika pagombe, nagulitsanso ufa, nkhuku ndi nsomba, nalandira nsalu.

Dziko linalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, ndipo mu 1895 asilikali a Boma anagonjetsa Kawinga pa Chikala. Malonda a akapolo anatha, koma panadza msonkho wa nyumba, mashilingi atatu pachaka. Tsono munthu amene analibe kanthu ndi ndalama anayamba kuzifunafuna, ndipo ambiri anazipeza pa dooko, posenza katundu ndi potema nkhuni.

Koma taonani chimene chinachitika. Madzi a m'nyanja anayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo mchenga ndi mabango zinatseka mtsinje. Poyamba sitima zinalephera kufika ku Matope, pambuyo pake zinalepheranso kufika pa Liwonde. Pofika cha m'ma 1915 madzi analeka kutuluka m'nyanja, ndipo anthu analima chimanga pamene panapita sitima kale. Katundu anayamba kuyenda pamseu wochokera ku Zomba kumka ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi. Otema nkhuni anasowa wogula, ndipo Matope anatsala mudzi wachete. Iwo amene sanataye khasu ndiwo anadya bwino. Koma monga anena akulu, madzi saiwala khwawa: cha m'ma 1935 nyanja inadzalanso, mtsinje unaboola mchenga uja, numiza madimba a m'kati mwake.

Chaka chomwecho cha 1935 anatsegula njanji yochokera ku Blantyre kupyola pa Balaka kumka ku Salima, ndipo malonda anasamukira ku siteshoni. Amwenye anamanga masitolo pa Balaka, alimi nanyamula thonje lao kumka nalo kumeneko. Anyamata ambiri anamuka ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, nabwera ndi njinga, makina osokera ndi sutikesi ya zovala. Ena sanabwerenso, natchedwa matchona. M'mudzi munatsala akazi ndi nkhalamba, ndipo iwo ndiwo analima minda. Pa njala ya 1949 kunaoneka poyera kuti njinga siidyeka: ambiri anagulitsa katundu wao pa mtengo wochepa kuti apeze lichero la chimanga, ndipo dimba la m'mbali mwa madzi linapulumutsa mabanja.

M'masiku a ufulu njira zinasinthanso. M'chaka cha 1965 anamanga chotchingira madzi pa Liwonde, chokhala ndi mlatho pamwamba pake, kuti madzi afike mwa muyeso ku makina a magetsi a ku Nkula. Ndipo ntchito ya ooloketsa anthu pa dookolo inatha. Mu 1970 njanji ina inachoka pa Nkaya, nipyola pa Liwonde kumka ku Nayuchi, m'malire a Mozambique. Mu 1973 Boma linapatula nkhalango ya Liwonde ikhale ya nyama. Abale athu a kum'mawa, okhala m'mbali mwa Chilwa, anaona zofanana ndi za mtsinje: nyanja yao inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo matemba atasowa, asodzi anagoneka mabwato pa matope ouma nabwerera ku khasu.

Tsono, abale ndi alongo, lero malo a m'mbali mwa mseu ali ndi mtengo, ndipo alendo afika ndi ndalama m'manja kufuna kugula. Tamva milandu ya amalume ogulitsa munda wa alongo ao mobisa, ana amasiye natsala opanda polima. Inu aphunzitsi ndi akatekisti, amene muyenda m'midzi ndi kukhala nawo pa maliro ndi pa milandu, kumbutsani anthu mbiri iyi. Munda usagulitsidwe mbumba yonse isanakhale pansi ndi kuvomerezana pamaso pa mfumu, ndipo malire ake adziwike kwa ana akali moyo akulu amene awadziwa. Pakuti sitidziwa kumene njira idzapita mawa, ndipo adzukulu athu adzafuna pobzala monga anafunira makolo athu.