Masanje: Chikondwerero Chopanda Mwini

Kale masika akafika, chimanga chitalowa m'nkhokwe, munda unkasanduka wa ana. Ankakunkha chimanga chotsalira m'mapesi ndi mtedza woiwalika m'mizere, kenako n'kumanga timisasa kunja kwa mudzi. Kumeneko ankagawana maudindo: uyu bambo, uyo mayi, wina nyakwawa, ndipo wosowa banja ankakhala fisi wakuba ndiwo. Makolo ankapatsa ana mchere ndi timiphika, ndipo madzulo ankalawa nsima ya mwana wawo, kaya ya mibulu kaya yosapsa. Atsikana ambiri anaphunzira kugwira mthiko kumeneko, kopanda wowakalipira.

Miyambo ya akuluakulu inali ndi oiteteza. Mwambo wa Kulamba, umene atsamunda anauletsa mu 1934, unayambiranso mu 1984 ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, chifukwa unali ndi mwini wake, Kalonga Gawa Undi. Masanje sanaletsedwe ndi boma lililonse, koma akuzilala. Anthu atachuluka minda inachepa, zotsalira nazo zinachepa. Pa njala ya 2002 ambiri anakolola chimanga chisanakhwime poopa akuba, ndipo m'minda yambiri okunkha anali makolo enieniwo.