Sefa wa spam akakhala pa seva ina: momwe vuto limapezekera

Mabungwe ambiri omwe ali ndi seva yawoyawo ya imelo amapatula ntchito yosefa makalata achabechabe, otchedwa spam, n'kuipereka ku kompyuta ina. Cholinga chimakhala kupepukitsa seva yaikulu, poti kusanthula kalata iliyonse kumadya mphamvu zambiri za makina. Choopsa n'chakuti dongosololi likasokonekera silichita phokoso. Makalata amafikabe koma osasefedwa, ndipo pakati pake pamalowa a mbava zofuna ma password ndi nambala za ku banki.

Momwe limagwirira ntchito

Imodzi mwa mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi SpamAssassin, yomwe Justin Mason adaitulutsa mu 2001 ndipo lero ili m'manja mwa Apache Software Foundation. Mbali yake yotchedwa spamd imakhala pa seva yosefa, kudikira makalata pa port 783. Ina, spamc, imakhala pa seva yaikulu n'kumatumiza makalatawo kuti akapimidwe. Kalata iliyonse imapatsidwa mapointi, ndipo ikafika pa 5.0 imayesedwa spam, pokhapokha ngati woyang'anira adasintha malirewo.

Poyambira kufufuza

Umboni woyamba uli m'mizere yobisika ya pamwamba pa kalata, yotchedwa headers. Kalata yodutsa mu sefa imakhala ndi mzere wa X-Spam-Status, woonetsa mapointi ndi mayeso omwe adaigwira. Mzerewu ukasowa, ndiye kuti kalatayo sidafike ku sefa n'komwe. Ukapezeka koma mapointi ali ochepa modabwitsa, vuto lili m'kapimidwe.

Kalata ikapanda kufika ku sefa

Mwachizolowezi spamd imamvera kompyuta yomwe ilipo yokha. Kuti ilandire makalata ochokera ku seva ina, iyenera kuuzidwa adilesi yomverapo kudzera pa -i, komanso ma adilesi ololedwa kudzera pa -A. Firewall nayo iyenera kutsegula port 783 kwa seva yaikulu yokha, osati kwa aliyense pa intaneti.

Spamc ikalephera kulumikizana ndi spamd, imangopereka kalatayo osaisefa. Kuwonjezera -x kumaichititsa kulengeza kulepherako, ndipo seva yokonzedwa bwino imasunga kalatayo pamzere kuti idzayesenso. Postfix, mwachitsanzo, imasunga kalata yotere mpaka masiku 5. Spamc imalumphanso makalata oposa 500 KB pokhapokha malirewo atakwezedwa ndi -s, choncho spam yokhala ndi zithunzi zazikulu imadutsa mosavuta.

Nthawi zina sefa amakhala kutsogolo, kulandira makalata onse asanafike ku seva yaikulu. Apa ma rekodi a MX ayenera kuloza kwa sefayo, ndipo seva yaikulu izikana makalata pa port 25 ochokera kwina kulikonse. Kupanda kutero, otumiza spam amangolambalala sefa n'kulowera kukhomo lakuseri.

Mapointi akakhala olakwika

SpamAssassin iyenera kudziwa maseva a bungwe kudzera pa trusted_networks ndi internal_networks. Zikalembedwa molakwika, imapima adilesi yosayenera, kapena kalata yochokera kunja imapatsidwa chizindikiro cha ALL_TRUSTED chomwe chimatsitsa mapointi.

Vuto lina ndi DNS. Mindandanda ya otumiza spam, monga ya Spamhaus ndi URIBL, imakana mafunso odzera pa ma DNS ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ochuluka. Chizindikiro cha URIBL_BLOCKED chikaoneka, mankhwala ake ndi kuika DNS yakeyake, monga Unbound, pa seva yosefayo.

Mbali yophunzira, yotchedwa Bayes, siyamba kugwira ntchito isanaone makalata 200 a spam ndi 200 abwino. Sefa akasamutsidwa popanda nkhokwe yake yakale, amayambiranso pachiyambi. Malamulo ake nawo amafunika kuwatsitsimutsa pafupipafupi ndi sa-update.

Kutsimikiza kuti zakonzeka

Pali mzere woyesera wotchedwa GTUBE, womwe SpamAssassin imaupatsa mapointi 1000. Woyang'anira amauika m'kalata yotumizidwa kuchokera ku adilesi yakunja kwa bungwe, kenaka n'kuyang'ana ma log a maseva onse awiri. Kalatayo ikagwidwa, njira yonse ili bwino. Ikafika m'bokosi yopanda chizindikiro, pomwe dzina lake lathera m'ma log ndi pomwe pali vuto.