Mlandu wa Malire a Munda Upite Kuti?

Kwathu ku Msundwe, malire a munda akavuta kapena banja likagwedezeka, anthu amayambira kwa ankhoswe kapena kwa nyakwawa. Zikakanika kumeneko m'pamene funso limabuka: tipite bwalo liti? Ine ndikuona kuti chisokonezochi tinachilandira kuchokera ku mbiri yathu.

Atsamunda anakhazikitsa High Court mu 1902, ndipo mu 1933 anapatsa mafumu mabwalo ovomerezeka oweruza milandu ya ukwati, ngongole ndi malo potsata mwambo. Mu 1962 mabwalowa anasanduka ma Local Court. Zinthu zinakhota mu 1969, pamene boma la Kamuzu Banda linawatcha ma Traditional Court, n'kupatsa ena a iwo mphamvu zoweruza milandu yakupha, kenako youkira boma, popanda maloya. M'bwalo lotere ndi momwe Orton ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983.

Demokalase itabwera, mabwalo oopsawo anathetsedwa, ndipo ang'onoang'ono anaphatikizidwa ndi a majisitireti. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anapatsa High Court mphamvu zomva mlandu uliwonse. Majisitireti ali ndi malire: amamva milandu ya ndalama zosapitirira mlingo woikika, malinga ndi giredi yake. N'chifukwa chake amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, omwe anachitidwa nkhanza mu Okutobala 2019, anakasumira apolisi ku High Court ku Lilongwe, komwe anapambana mu Ogasiti 2020. Mlandu wofuna kuti khoti liunike ntchito za boma sungathere pansi pa mtengo.

Nanga milandu yaing'ono? Gawo 110 limalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa mabwalo akumudzi omva milandu ya mwambo. Lamulo lake linadutsa mu 2011, koma ambiri analikana pokumbukira za Kamuzu. Lamulo la malo a makolo la 2016 nalo linalonjeza mabwalo a milandu ya malo otsogozedwa ndi mafumu.

Manthawo ndikuwamvetsa. Komabe wovutika ndi mayi wamasiye wolandidwa munda ku Kabudula: chigamulo cha nyakwawa chilibe mano a khoti, pomwe ulendo wa ku Lilongwe ndi loya zimadya ndalama yoposa fodya wa chaka chonse. Choipa cha 1969 chinali kupatsa mabwalowo chingwe chonyongera. Kukhala kwawo pafupi ndi anthu sikunali tchimo, ndipo ife ophunzira tiyenera kusiyanitsa ziwirizi.